Kodi mitsempha ya mwana wosabadwa imadziwa bwanji kolowera?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi ku Mchinji. Ophunzira anga akufuna kudziwa chimene chimatsogolera mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi la mwana pamene ikukula m'mimba. Ndiwayankhe motani?

Yankho: Aphunzitsi, auzeni kuti maselo a m'thupi amazunguliridwa ndi ukonde wa mapuloteni umene maselowo amatulutsa okha, wotchedwa extracellular matrix. Chubu chimene chimadzakhala ubongo ndi mtsempha wa mumsana chimatsekeka pafupifupi tsiku la 28 mayi atatenga pathupi, ndipo maselo ena, kuphatikizapo amene adzapange mitsempha, amachoka m'mphepete mwake n'kuyenda pa mapuloteni a mu ukondewo otchedwa fibronectin ndi laminin, akumagwira ndi timapuloteni ta pakhungu lawo totchedwa integrin, monga mmene nyemba imayangira pa phesi la chimanga. Komabe ukondewo uli ndi zina, monga chondroitin sulfate, zimene zimabweza mtsempha kuti usalowe kosayenera, ndipo ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndiyo yofunika kuitsindika m'kalasi. Puloteni ya reelin nayo imathandiza maselo a ubongo kukhazikika m'mizere yawo, moti ikasowa, mwana amabadwa ndi ubongo wosaumbika bwino.