Yankho kwa achemwali pa dzina lija lakuti Mustang

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupa, loti mwana uja waona galimoto ya Ford yolembedwa kuti Mustang, yokhala ndi kakavalo kothamanga kutsogoloku, ndiye akufunsa kuti dzinalo likutanthauza chiyani. Nkhani yake ndi yaitali, ndiye ndangoti ndilankhule m'malo molemba.

Mustang ndi akavalo amene amangodziyendera okha m'tchire kumadzulo kwa dziko la America, ambiri ali m'chigawo cha Nevada. Koma mawuwo gwero lake si Chingerezi ayi. Anachokera ku Chisipanishi cha ku Mexico, mesteño, ena ankati mestengo. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumufotokozere bwinobwino mwanayo, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi nyama yakutchire ngati mbidzi. Ayi ndithu. Mawuwo amanena chiweto chosokera, chimene mwini wake sakudziwika.

Ku Spain kunali bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta, lomwe mfumu Alfonso X inalivomereza mu 1273. Nkhosa zawo zinkayenda maulendo ataliatali, nyengo yotentha kumapiri, kukayamba kuzizira n'kutsikira kumwera. Inu mukudziwa mmene zimakhalira ziweto zikachuluka panjira, zina zimalowerera gulu la eni ake, zina zimatsalira kumadzi. Ndiye chiweto chikasokera, mwini wake osapezeka, chinkakhala m'manja mwa bungwelo. Mesteño kunali kunena kuti cha a Mesta. Dzinalo linawoloka nyanja limodzi ndi Asipanya ndi akavalo awo.

Eya, chifukwa akavalo a ku America akalekale anatha onse, papita zaka pafupifupi 10,000. Amene aliko lerowa makolo awo anabwera pa sitima zapamadzi. Columbus, woyenda panyanja wotumidwa ndi Spain, anabwera nawo pa ulendo wake wachiwiri mu 1493, kenako Cortés, mtsogoleri wa asilikali achisipanya, anatsika nawo 16 ku Mexico mu 1519. M'kupita kwa nthawi ena anadula zingwe, ena anabalalika pankhondo, ena anangosiyidwa, n'kumaswana m'tchire momwemo. Mitundu ya eni nthaka a ku America ngati a Comanche inawatenga n'kukhala akatswiri okwera pakavalo. Mu 1971 boma la America linakhazikitsa lamulo lowateteza, poti anthu ankawagwira ndi kuwapha kwambiri.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti ngakhale mawu athu akuti kavalo anachokera komweko. Tinawatenga kwa Apwitikizi, iwo amati cavalo, Asipanya amati caballo. Zimenezinso mumuuze, azikonda.

Galimotoyo inayamba kugulitsidwa mu 1964. Akadzaionanso, ayandikire ayang'anitsitse kakavalo kaja. Alibe chishalo pamsana, alibe chingwe kukamwa, palibenso womukwera, mchira uli m'mwamba akuthamanga yekha. Ameneyo ndiye mesteño. Mundiperekere moni kwa alamu.