Stylist akufuna ndisoke zovala zosavalika: ndivomere?

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndikumaliza maphunziro a zosokasoka pa koleji ina ya ntchito zamanja ku Lilongwe. Mnyamata wina amene amaveka oimba akamajambula mavidiyo, anthu amati ndi stylist, wandipempha kuti ndisoke zovala zitatu za kafilimu ka fashoni. Akufuna zachilendo zedi: china chamapewa otambasuka ngati mapiko, china cha matumba a feteleza ndi waya. Ndalama n'zochepa, akuti phindu lathu ndi kutchuka. Mayi anga akuti fizi anandilipirira kuti ndizisoka zovala zogulitsa, osati zoopsezera mbalame kumunda. Ndivomere? Nanga tigwire bwanji ntchito limodzi osayambana?

Wophunzira, Lilongwe

Mwana wanga,

Vomera. Koma sizasi isakhudze nsalu mpaka awirinu mutakhala pansi n'kumvana zinthu zingapo.

Mnyamatayo sanasokonezeke mutu. Zimene akufunazo ndi ntchito yodziwika. Mu filimu ya fashoni mwini nkhani ndi chovala, munthu amangochinyamula. Wojambula zithunzi wa ku London, Nick Knight, anayambitsa SHOWstudio, tsamba la pa intaneti loonetsa mafilimu a fashoni, mu 2000 chifukwa chokhulupirira kuti chovala chimamveka bwino chikamayenda, osati chitaima pa chithunzi. Mu 2009 wopanga zovala wa ku England, Gareth Pugh, m'malo moyendetsa atsikana pamaso pa anthu ku Paris, anaonetsa zovala zake pa filimu imene anapanga ndi wojambula mafilimu Ruth Hogben. Ndipo Rei Kawakubo wa ku Japan, mwini kampani ya zovala ya Comme des Garçons, zovala zake za 1997 anazisokera zotupatupa kumsana, m'chiuno ndi m'mapewa, thupi n'kusintha maonekedwe. Ambiri anadabwa, ena ananyoza, koma lero ophunzira fashoni amaziphunzira m'kalasi. Mapewa ako amapikowo ali ndi abale awo.

Chimene chimayambanitsa wosoka ndi stylist nthawi zambiri ndi kusadziwa malire. Iweyo umabala chovala: kudula, kusoka, kuchilimbitsa kuti chiime. Iyeyo amaona chithunzi chonse: nsapato, tsitsi, zodzola, chimene chivalidwe pamwamba pa chinzake, ndipo ndi amene amalankhula ndi wotsogolera filimu ndi wogwira kamera. Tsiku lojambula akhoza kutembenuza diresi lako kutsogolo kukhala kumbuyo. Akhoza kuphimba ndi mkanda waukulu khosi limene unachezera nalo usiku katatu. Zidzakuwawa, koma ndiyo ntchito yake, ndipo akakhala waluso chovala chako chimakula m'manja mwake. Ibrahim Kamara, wobadwira ku Sierra Leone, anatchuka ku London chifukwa cha kuveka anthu motero, mpaka mu 2021 anakhala mkonzi wamkulu wa magazini ya Dazed. Choncho mpatse mpata. Chimene uyenera kunena poyera ndi ichi: kupinda ndi kugwira ndi mapini angathe, koma kudula kapena kumata ndi guluu ayi, pokhapokha atakufunsa.

Musayambe ndi mawu, chifukwa "chachilendo" chako si "chachilendo" chake. Mpemphe zithunzi khumi zosonyeza zimene zili m'mutu mwake, iwe ujambule papepala zimene wamva, asankhe. Kenako mufunse funso limene ophunzira ambiri amaliiwala: kamera idzaima pati? Ngati chovala chidzajambulidwa patali, pathanthwe kapena pamchenga wa kunyanja, chimene chidzaoneke ndi mpangidwe wake basi. Masiku anayi osokerera timikanda udzangotaya. Ngati kamera idzayandikira pachifuwa, msoko uliwonse wokhota udzaoneka ngati msewu.

Apa ndipo ndikufuna uchedwepo, chifukwa kukoleji anakuphunzitsa kusokera diso la munthu, pomwe kamera ili ndi diso lake. Nsalu ya timizere ting'onoting'ono toyandikana imachita mafunde pa vidiyo, ngati ikunjenjemera; zitenje zina zamaluwa aang'ono zimatero. Thumba la feteleza loyera likawombedwa ndi dzuwa la masana limanyezimira mpaka kungooneka mbee, ulusi wake wolukana uja osaonekanso. Nsalu yakuda imameza mapindo ako onse ngati kuwala sikukuchokera m'mbali. Nsalu zopepuka ngati chiffon zimakongola kwambiri akazijambula kuti ziziyenda pang'onopang'ono, pomwe zolimba zimafuna munthu azitembenuka kuti mpangidwe uoneke mbali zonse. Zonsezi sufunika kuzilota. Foni yako ikukwanira: mafoni ambiri masiku ano amajambula zithunzi 120 pa sekondi imodzi, pomwe filimu wamba imayenda pa 24 kapena 25, choncho ungaone nsalu ikuyenda pang'onopang'ono. Tenga kachidutswa ka nsalu iliyonse, kajambule panja m'mawa, masana ndi madzulo, wina akukagwedeza. Tumizira stylist, muone limodzi musanagule mamita ambiri.

Ndipo usayambire pa nsalu yeniyeni. Pita pa kaunjika ku msika wa Tsoka, ugule mashiti a pabedi akale ndi makatani, usoke choyeserera. Uveke munthu amene adzachivale tsikulo, osati mnzako wofanana naye msinkhu. Akweze manja, azungulire, athamange pang'ono, akhale pansi. Mapewa a waya amakonda kugwera kutsogolo munthu akangoyenda. Kulemera kwake kuyenera kutsamira pa kamalaya kolimba kamkati komanga m'chifuwa ndi m'chiuno, osati pa nsalu yakunja. Nsonga iliyonse ya waya uipinde ndi kuikulunga. Matumbawo uwachape kangapo ndi sopo, uwayanike, ndipo uike nsalu ya thonje mkati, chifukwa zotsalira za feteleza zimayabwa ndi kuwotcha khungu la munthu wotuluka thukuta. Mtsikana amene adzaime maola asanu padzuwa la Okutobala atavala pulasitiki ndi mwana wa munthu. Ganizira mmene adzavulire msanga akafuna kupuma kapena kupita kuchimbudzi. Ine wosoka amene amaganizira zimenezi ndimamulemekeza kuposa wojambula bwino papepala.

Pali china chimene ndikuona chikubwera. Achinyamata akafuna zachilendo zakwathu, maso amathamangira ku Gule Wamkulu, chifukwa zilombo zija zili ndi mpangidwe umene wosoka aliyense angausirire. Koma izo zili ndi eni ake ndi mwambo wake, si zokongoletsera vidiyo. Stylist akanena zotengera chigoba kapena kavalidwe ka chilombo, imani kaye mukafunse akuluakulu a mwambowo. Ngati mukufuna kuphunzira, pitani ku Mua, ku malo osungirako za chikhalidwe a Kungoni, mukaone ndi kumva tanthauzo lake. Zipangizo zopanda mlandu zilipo zambiri: mlaza, nsungwi, chiguduli, khonje, makoko a chimanga.

Tsopano za ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kutchuka kumene akukulonjezako kukhoza kubwera, koma ulusi sugulidwa ndi lonjezo. Werenga masiku amene zovala zitatuzo zidzakudyere, uyerekeze ndi mayunifolomu kapena madiresi a chinkhoswe amene ukanasoka masiku omwewo. Ngati sangakulipire zonse, zipangizo ndi thiransipoti zokha zisachoke m'thumba mwako, ndipo ndalama ya zipangizo ibwere usanayambe. Mulembe zimene mwagwirizana, ngakhale pa WhatsApp: wogula zipangizo ndani, zovala zikatha kujambulidwa zidzakhala kwa ndani, chikang'ambika adzakonza ndani, ndipo akafuna kuveka woimba wina chovala chomwecho adzakufunsa kapena ayi. Ine ndikanati zovala zibwerere kwa iwe. Koposa zonse, dzina lako lilembedwe pa filimuyo kuti ndiwe wopanga zovala, palokha, osati kumezedwa m'dzina la stylist, ndipo litchulidwe paliponse pamene aika vidiyoyo pa Instagram kapena YouTube. Akupatsenso vidiyo yoyera bwino ndi zithunzi, osati zofinyidwa ndi WhatsApp. Munthu wokana kulemba zinthu zing'onozing'ono ngati izi usagwire naye ntchito.

Kwa inu mayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo ndi yoona: diresi la matumba palibe adzaligule kuti apite nalo kutchalitchi. Koma m'ntchito imeneyi satifiketi ya TEVETA imasonyeza kuti mwana amadziwa kusoka, pomwe zithunzi ndi mavidiyo a ntchito zake zimasonyeza kuti amadziwa kuganiza. Sukulu zikuluzikulu za fashoni, monga Central Saint Martins ku London, zimapempha kuona ntchito zimene wofunsira malo anapanga. Thebe Magugu wa ku Kimberley, amene anaphunzira pa sukulu ya fashoni ya LISOF ku Johannesburg, mu 2019 anakhala woyamba wochokera mu Africa kupambana mphotho ya LVMH ya achinyamata opanga zovala, ya ma euro 300,000. Sindikukulonjezani kuti mwana wanu adzafika kumeneko. Ndikunena kuti wosoka amene waphunzira kuimitsa phewa la waya osagwa, jekete la mkwati silingamuvute, ndipo oimba, a zisudzo ndi makampani otsatsa malonda amafunafuna munthu wotero. Muuzeni asasiye maoda amene amamupatsa ndalama ya sopo, ntchitoyi aipatse masabata owerengeka, ndipo isagwere nthawi ya mayeso. Tsiku loyesa zovala akutengeni mukaone nokha.

Iwe mwana wanga, tsiku lojambulalo usatumize zovala pa kabaza n'kukhala kunyumba. Pita, utanyamula singano, ulusi wa mitundu yonse itatu, mapini, pulayala, tepi ndi ayironi. Uime kumbuyo kwa wogwira kamera, uziyang'ana pa kagalasi kake osati pa munthu wovalayo. Ukaona phewa lapendekeka, nong'oneza stylist, iye ndiye aimitse kamera.