Yankho kwa achimwene a Bedford youma giya ku Chilomoni

Achimwene, mwati Bedford ya malemu bambo anu yaima kuseri kwa nyumba chiyambire mvula ya Freddy mu Malichi 2023, ndodo ya giya yauma gwa, komanso simukudziwa kuti giyabokosi yake ndi yamtundu wanji. Chonde musamvere amene akuti muikoke ndi lole ina, kapena mulowetse paipi kundodoyo n'kukankha mwamphamvu. Ndinaonapo foloko, kachitsulo kam'bokosi kamene kamakankha giya kuti ilowe, itathyoka chonchi pagalaja ina ku Limbe, tinasakasaka ina mu Ndirande milungu iwiri osaipeza.

Kuti muizindikire, musadalire dzina lolembedwa kutsogoloko. Malole akale ambiri omwe ndagwirapo kuno anasinthidwa kale injini ndi bokosi, ena anaikidwa za Isuzu. Lowani pansi ndi bulashi ya waya ndi parafini, mutsuke m'mbali mwa bokosilo mpaka kachitsulo ka manambala kaoneke. Ngati kanagwa, pamakhalabe manambala oumbidwira pachitsulo chenichenicho. Werenganinso mabauti a chivundikiro cha pamwamba, muone mbali yomwe kuli rivesi. Bedford zinkabwera ndi bokosi la magiya anayi, zina la magiya asanu lopangidwa ndi kampani ya Turner. Ngati yanu ndi yamphuno, ya mtundu wa J, ndodo imalowa m'bokosi mwachindunji. Pamalole opanda mphuno nthawi zambiri pamakhala timikono tachitsulo pakati pa ndodo ndi bokosi, ndipo dzimbiri limakonda kugwira pamenepo bokosi lili bwinobwino. Masulani timikonoto kaye muyese ndi dzanja.

Ikani miyala kumatayala onse, paja Chilomoni ndi zitunda zokhazokha. Kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, wina aponde kilatchi, inu muzungulitse propshaft, chitsulo chachitali chochokera kubokosi kupita kumatayala akumbuyo. Ikazungulira momasuka osaponda n'komwe, ili mu nyutulo. Ikakana ngakhale ataponda, mwina kilatchi yamatirira ku flywheel, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa injini, mwina magiya awiri alowa nthawi imodzi chifukwa nsonga ya ndodo inatha n'kudumpha pamalo pake.

Kenako tsegulani bauti ya pansi pa giyabokosi muchotse oilo. Apa mpamene lole imaulula zonse. Ya mkulu wina ku Bangwe inayamba kutulutsa madzi oyera mbee pafupifupi theka la ndowa yaing'ono, pambuyo pake oilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Madzi amalowera pakamphira kong'ambika ka patsinde pa ndodo. Magiya apansi amatetezedwako ndi oilo, koma zitsulo zapamwamba zomwe mafoloko amayendapo zimangokhala zouma, n'zimene zimayamba kuchita dzimbiri.

Ndiye chotsani chivundikiro cha pamwamba chija pang'onopang'ono, mutayala nsalu pansi. Muli timipira tachitsulo ndi tisipuling'i tomwe timagwira giya kuti isatuluke yokha, kamodzi kakagwera m'fumbi mwalira. Jambulani ndi foni musanasunthe kanthu. Thirani dizilo m'bokosi mpaka magiya amire, pazitsulo za mafolokozo muzidontheza dizilo wosakaniza ndi oilo m'mawa ndi madzulo. Perekani masiku atatu kapena anayi, ngakhale sabata. Pogogoda gwiritsani chitsulo cha mkuwa kapena kamtengo kolimba, osati hamala pachitsulo mwachindunji, ndipo muzigogoda uku ndi uku mpaka chitayamba kusuntha ngakhale pang'ono chabe.

Zikamasuka, tayani dizilo uja, tsukaninso ndi watsopano, mupime mano a magiya ndi maberingi ngati sanadyeke. Oilo wake thirani wa magiya nambala 90, wolembedwa GL-4 pachigubu. Wa GL-5 ine sindimuika m'mabokosi akale chifukwa ena amadya mphete zamkuwa. Musaiwale kamphira katsopano patsinde pa ndodo, ngakhale kodula kuchubu chakale kamathandiza mvula isanayambe mu Novembala.

Mukatsuka, tumizani muno chithunzi cha manambala ndi cha mkati mwa chivundikiro, tione ngati ndi Turner kapena bokosi la magiya anayi lija.