Magalasi awiri, alendo 15: kuonera kadamsana wa dzuwa pagulu

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo sabata yatha. Akuti akufuna kudzasonkhanitsa abale ndi anzawo pafupifupi 15, kuphatikizapo ana asanu, kuti adzaonere limodzi kadamsana wa dzuwa, koma magalasi apadera oonera dzuwa ali nawo awiri okha. Alamu awo awauza kuti enawo angathe kuvala magalasi akuda wamba kapena kuyang'ana dzuwalo m'beseni la madzi, ndipo mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona, nanga ngati si zoona, kodi achepetse alendowo?

Mayi, alendo anu musachepetse, koma malangizo a alamu anuwo musawatsate ngakhale pang'ono. Kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina kamene kamalandira kuwala, ndipo kachikopa kameneka sikamva ululu. Tsiku wamba dzuwa limatithobwa m'maso n'kutichititsa kuyang'ana kumbali, koma pa tsiku la kadamsana chidwi chimaposa kuthobwako, moti munthu amayang'anitsitsa pamene retinayo ikupsa iye osamva kanthu. Vuto limadzaonekera patapita maola angapo kapena m'mawa mwake, pamene munthu ayamba kuona chimbuuzi kapena kadontho kakuda pakati penipeni pa chilichonse chimene akuyang'ana. Ena amachira pakapita miyezi, ena amakhala nalo moyo wawo wonse.

Magalasi akuda wamba amalowetsa kuwala kochuluka kwambiri ngakhale mutaphatikiza awiri kapena atatu, ndipo dzuwa la m'madzi limawalabe mokwanira kuvulaza diso. Galasi lodetsedwa ndi utsi ndi filimu ya X-ray nazonso muzipewe. Magalasi oyenera amakhala ndi chizindikiro cha ISO 12312-2, ndipo mukawavala m'nyumba simuona chilichonse koma mdima. Muwayang'ane bwino tsikulo lisanafike, chifukwa akakhala okalika kapena obowoka ndiye kuti ntchito yawo yatha. Ngati pakati pa alendo pali owotcherera zitsulo, galasi lawo la nambala 14 nalonso ndi lotetezeka. Wobwera ndi zoonera patali musamulole kuloza nazo dzuwa ngakhale atavala magalasi apaderawo, popeza zipangizo zimenezi zimasonkhanitsa kuwala mpaka kuotcha pepala la magalasiwo.

Magalasi awiriwo akukwanirani chifukwa kadamsana sathamanga. Kuchokera pamene mwezi wayamba kubenthula dzuwa kufikira pachimake nthawi zambiri pamadutsa ola lathunthu kapena kuposerapo, ndipo masekondi ochepa amamukwanira munthu kuti aone pamene zafika. Musankhe akuluakulu awiri oti magalasiwo azikhala m'manja mwawo. Mwana aziyamba waweramitsa mutu, muzimuveka, ndipo wamkulu aziwagwirira kumbuyo kwa mutu chifukwa ana amawakhwepa. Akaona aziweramanso asanavule. Ngozi yaikulu pagulu imabwera wina akafuula kuti "Taonani!", ana onse n'kutukula mitu nthawi imodzi, choncho muwachenjeze akuluakulu za mawu amenewa.

Amene akudikira magalasi asakhale manja lende. Mubowole katoni ndi singano, mufulatire dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pakabowoko kugwere papepala loyera. Mudzaona kachithunzi ka dzuwa kobenthuka. Sefa ya mabowo ambiri imatulutsa tizithunzi totere tambirimbiri. Kunena zoona, njira imeneyi imandisangalatsa kuposa magalasi, chifukwa anthu onse amaonera pamodzi n'kumalozerana. Pa 21 Juni 2001 ndinapita ku Lusaka kukaona kadamsana wathunthu, ndipo chimene sindiiwala ndi mthunzi wa mtengo umene tinaimapo: mipata ya pakati pa masamba inasanduka mabowo, pansi ponse panadzaza tizithunzi tonga mwezi watsopano, ndipo kamtsikana kena kanali kuyesa kutitola m'manja. Kenaka kunayamba kuzizira, mbalame zinangoti zii, ndipo cha m'ma 3 koloko masana kunada kwa mphindi zitatu ndi masekondi angapo.

Pali chinthu chimodzi chimene simunandiuze, ndipo ndi chachikulu: kodi kumene mudzakhaleko kadamsana adzakhala wathunthu? Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake mwezi umatha kuliphimba ndendende, koma mthunzi wake wakuda umadutsa kanjira kopapatiza kamene nthawi zambiri sikapitirira makilomita 270 m'lifupi. M'kanjira kameneka mokha, ndipo pa mphindi zokhazo zimene dzuwa laphimbika lonse, ndi pamene munthu angavule magalasi n'kuona kuwala koyera kozungulira mwezi kotchedwa corona. Kuwala kukangoti ng'ani m'mphepete, aliyense ayenera kuweramitsa maso. Kunja kwa kanjirako, ngakhale dzuwa litaphimbika magawo 99 pa 100 alionse, maso sayenera kukhala osatetezedwa, ndipo ndi chimodzimodzi pa kadamsana wa mphete, pamene mwezi uli kutali kotero kuti m'mbali mwa dzuwa mumatsala poonekera.

Mapu a pa intaneti a NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, amasonyeza kanjirako ndi nthawi yake. Mwachitsanzo, kadamsana wa pa 2 Ogasiti 2027 adzakhala wathunthu ku Luxor, m'dziko la Egypt, kwa mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi, pamene wa pa 25 Novembala 2030 adzadutsa Namibia, Botswana ndi South Africa. Mukapeza nthawi ya dera lanu, muwauze alendo afike ola limodzi kadamsana asanayambe kuti ana adzayeserere kuvala magalasi, ndipo alamu anuwo muwapatse ntchito yogwira sefa.