Musanagwetse khoma la pakati pa khitchini ndi balaza

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo sabata ino. Akufuna kugwetsa khoma lolekanitsa khitchini ndi balaza kuti pakhale mbee, koma pakhomapo pali masoketi awiri ndi swichi ya getsi. Womanga wawauza kuti, "Zimenezo n'zazing'ono, tingodula n'kumata tepi." Iwo akufunsa ngati alole.

Mayi, musalole. Nditangowerenga mawu akuti "tingodula n'kumata tepi" mtima unandigunda, chifukwa ndi mawu omwewo amene ine ndinauzidwa, ndipo ndinavomera.

Ife timakhala ku Matawale. Zaka zingapo zapitazo tinaganiza zomwe mukuganizazi, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Mayi a kunyumba ankabindikira okha kukhitchini pamene tonse tikucheza pabalaza, ndipo apongozi anga akabwera kuchokera ku Jali, nkhani zonse zinkatha iwo asanamveko ngakhale imodzi. Tinapeza womanga, tinagwirizana mtengo, iye n'kubwera ndi kamnyamata komuthandiza. Za munthu wa magetsi sitinaziganizire n'komwe. Tinkati ameneyo adzabwera pomaliza kudzaika magetsi okongola a m'siling'i.

Tsiku logumulalo magetsi anali atazima dera lonse kuyambira m'mawa. Womanga anayatsa swichi, getsi silinayake, ndipo anati, "Bwana, mwayi wake ndi womwewu, tigumule asanabwere." Palibe anapita pa bolodi, bokosi lija logawa magetsi m'nyumba, kukatsitsa meni swichi. Inenso ndinali pomwepo, ndikuona, osanena kanthu. Mnyamatayo anali atavala mapatapata, pansi atawazapo madzi kuti fumbi lisafuke, tchizulo chili m'manja. Cha m'ma 11 koloko ndinamva ana panja akufuula, "Ayakaa!" Mawuwo asanathe, kunamveka phwaa, kamoto kabuluu kanathetheka pakhoma, mnyamata uja ali pansi. Tchizulo chinali chitaboola paipi ya mawaya ndipo chinali chitakhudza waya wofiira. Anapulumuka, koma chikhatho chinapsa, ndipo njira yonse yopita kuchipatala ankanjenjemera osayankhula. Ndinkangoganiza kuti ndikanawauza chiyani makolo ake.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva pambuyo pake. Ine ndinkakhulupirira kuti fyuzi imateteza munthu. Ayi ndithu. Fyuzi kapena breaker (swichi ya pa bolodi imene imadzizimitsa yokha magetsi akachuluka) ya 30 kapena 32 amps ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asatenthe n'kuyatsa nyumba. Mphamvu yokwanira kuimitsa mtima wa munthu ndi yochepa kwambiri, siifika ngakhale amp imodzi, moti fyuziyo siimva n'komwe kuti munthu wagwidwa. Chimene chimateteza munthu ndi kachipangizo kotchedwa RCD, ena amati earth leakage, kamene kamadula magetsi kakangoona kuti 30 milliamps, kachigawo kochepa kwambiri ka amp imodzi, yathawira kwina. Bolodi lathu linalibe. Magetsi a m'nyumba zathu muno m'Malawi ndi 230 volts, ndipo munthu woima posanyowa ndi woima ponyowa sagwidwa mofanana. Kuno ku Zomba, mmene mvula imagwera m'tsinde mwa phirili, makoma ndi pansi pa nyumba zambiri zimakhala ndi chinyontho miyezi ingapo.

Ndiye ndinene mosabisa: kuzima kwa magetsi si kuzimitsa magetsi. Womanga amene akuti tigwire msanga poti azima, mumuletse pomwepo. Masiku ano pali vuto linanso. Nyumba zambiri zili ndi inveta ndi mabatire a sola, ndipo mukhoza kutsitsa meni swichi koma mawaya ena adakali amoyo.

Mwina mukuti nkhani yathera pamenepo. Ayi. Khoma linagwa, womanga anadula mawaya amene analendewera, ena anawapotokola pamodzi n'kukulunga tepi yakuda, n'kuwakwirira ndi pulasitala pakona. Tinayesa masoketi a kuchipinda ndi a pabalaza, onse ankagwira ntchito. Tinapenta, tinasangalala. Patatha miyezi ingapo, m'nyengo yozizira, mwana wathu wamkazi anati pakhoma pafupi ndi soketi ya filiji pakutentha. Ndinaikapo dzanja, panali pofunda ngati kapu ya tiyi, ndipo pankamveka kafungo ka pulasitiki wopserera.

Apa m'pamene ndinaitana munthu wa magetsi weniweni, bambo wachikulire wodekha. Anakwera m'siling'i ndi tochi, atatsika anandijambulira pansi ndi khala. Anati m'nyumba zambiri za kuno masoketi amalumikizidwa mozungulira, amati ring. Waya wa saizi ya 2.5 amachoka pa bolodi, amayenda soketi ndi soketi, n'kubwereranso pa breaker yomweyo. Motero katundu amagawika njira ziwiri, n'chifukwa chake amaikapo breaker yaikulu. Mukadula mzerewo pakati, masoketi onse amayakabe, chifukwa mbali iliyonse ikadalumikizika ku bolodi. Koma tsopano waya mmodzi akusenza yekha zimene ankasenza awiri. Ketulo ya 2,000 watts imakoka pafupifupi 9 amps. Onjezerani simbi, hotipuleti ndi filiji mbali imodzimodziyo, waya amatentha breaker ili phee. Kwathu zinaipiraipira chifukwa cha mfundo ya tepi ija, imene inali itakhwefuka mkati mwa pulasitala. Atagumula pamenepo tinapeza tepi itasungunuka, kopa atada bii.

Kuyambira tsiku limenelo sindimva za womanga wogwira mawaya, ngakhale akhale waluso bwanji pa njerwa. Aliyense ali ndi ntchito yake. Ndipo ife eni nyumba tili ndi mlandu, chifukwa timakonda munthu mmodzi wotichitira zonse kuti tisalipire kawiri. Zotchipa zimadula. Ine ndinalipira kuchipatala, ndinalipira wa magetsi, ndinagulanso simenti ndi penti.

Pa mawaya pomwepa, samalani pogula. Pali mawaya ena olembedwa 2.5 koma mukasenda mupeza kopa wowonda, kapena chitsulo china chongopakidwa mtundu wa kopa. Mupite ndi wa magetsi wanu kukagula, asende aone yekha. Ndipo ngati nyumba yanu ndi imodzi mwa zakale zija, zomangidwa Zomba ili likulu la dziko, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, mwina mupeza mawaya amene chikopa chake chimangofumbutuka mukachigwira. Akale amakhala ofiira ndi akuda, atsopano abulawuni ndi abuluu, ndipo m'nyumba imene yakhala ikukonzedwa pang'onopang'ono mumapezeka yonse iwiri. M'siling'i mwathu makoswe anali atateketanso malo awiri.

Chinanso chimene palibe anandiuza: khoma lija linkatchinga fungo. Tsiku lokazinga matemba a ku Chilwa, makatani ndi mipando zonse zimadziwa. Magetsi akazima, musayerekeze kulowetsa mbaula m'chipinda chachikulucho mazenera ali otseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Sindikudandaula kuti tinagwetsa khomalo, madzulo timacheza tonse tsopano, koma muganizire zenera lalikulu kumbali ya khitchini. Komanso funsani kaye ngati khomalo silikunyamula denga. Mitanda ikakhala kuti yatsamira pamenepo, pafunika bimu, mtanda wolimba wonyamula denga m'malo mwa khomalo, ndipo zosintha zoterezi zimafuna munthu wodziwa za mapulani ndi chilolezo cha khonsolo ya mzinda.

Zoti muchite

Itanani wa magetsi hamala isanakhudze khoma, ndipo akhale wa chiphaso. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso za ntchito yoika magetsi, ndiye musachite manyazi kupempha kuti muchione. Ayang'ane mbali zonse ziwiri za khoma ndi m'siling'i, adziwe waya aliyense kumene wachokera ndi kumene akupita, chifukwa ena amangodutsa pamenepo kupita kuchipinda china. Adule magetsi pa bolodi, azimitse inveta, ayeze ndi chipangizo chake, achotseretu mawaya onse m'khomamo, womanga azibwera pambuyo. Ring ailumikizenso ndi waya watsopano ndipo aiyeze inu mukuona. Polumikiza paliponse pakhale m'bokosi lovundikira limene munthu angalifikire n'kulitsegula, osati m'kati mwa pulasitala. Ngati swichi ya kuka, chitofu cha magetsi chija, ili pakhoma lomwelo, imeneyo ili ndi waya wakewake wonenepa, kawirikawiri wa saizi ya 6, wochokera pa bolodi. Ndi bwino kukoka wina wathunthu kusiyana n'kulumikiza zidutswa. Bolodi likakhala lopanda RCD, ikitsani pa ulendo womwewu. Mita ndi ya ESCOM, imeneyo asaikhudze.

Musanayambe, yendani m'chipindamo usiku ngati kuti khoma lachoka kale, muone pamene dzanja lanu lingafunefune swichi polowa, ndi pamene filiji ndi ketulo zidzakhale. Masoketi awiri amene muluzewo mudzawafuna. Ife tinaiwala zimenezi, ndipo kwa chaka chathunthu waya wa ekisitenshoni unkadutsa pakati pa balaza, mpaka tsiku limene apongozi anakodwa nawo atanyamula mbale ya nsima.