Uadimini musaupereke kwa munthu amene simunamvepo mawu ake

Achimwene, musathamangire kumupatsa. Nditangowerenga zimene mwalemba zoti mnyamata wina wadzipereka yekha kuti akuthandizeni uadimini poti gulu lanu la pa Facebook lakula, mtima wanga wagunda, chifukwa ndi momwemo ndendende ndinatayira gulu la anthu amene ndinadziwana nawo kwa zaka pafupifupi 30.

Akale muno mukudziwa kuti ndinali pasukulu ku Leeds, ku England, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Gulu lathu linayambira pa BBS, malo amene anthu ankasiyiranapo mauthenga intaneti isanafale. Inali kompyuta imodzi yokha, m'kachipinda ka bambo wina wachikulire, yolumikizidwa ku lamya ya m'nyumba mwake. Bambowo tinkawatchula kuti sysop, kutanthauza woyang'anira kompyutayo. Unkayimba ndi modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku lamya, imakuwa kaye ngati kamwana ka mbuzi, kenako malemba n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono moti umawawerenga akubwera. Lamya inali imodzi. Mnzako akalowa, iwe dikira. Aliyense ola limodzi patsiku, ndipo ine ndinkadikira 6 koloko madzulo pamene BT, kampani ya lamya, inkatsitsa mtengo, apo ayi bilu imadya ndalama ya chakudya.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Ukalembetsa sumangolowa. Bambowo ankakuyimbira foni kuti amve mawu ako. Ine anandiyimbira, n'kundifunsa kuti Malawi ali mbali iti, tinacheza mpaka chakudya changa chinazizira. Ndipo poti kuyimba kutali kunali kodula, pafupifupi tonse tinali a tauni imodzi. Ukamulalatira munthu Lachiwiri usiku, Loweruka ukumana naye maso ndi maso patebulo. Za kutali zinkadzera pa FidoNet, netiweki yolumikiza ma BBS ija anayambitsa Tom Jennings mu 1984. Pakati pa usiku makompyuta ankayimbirana okha n'kupatsirana makalata, Ulaya inali zoni 2, ife kuno ku Africa zoni 5. Kalata yopita kwa mnzanga wa pa University of Zambia ku Lusaka inkagona panjira, koma inkafika.

Kenako inabwera intaneti. Kampani ya intaneti ya Demon inkalipiritsa mapaundi 10 pamwezi, ina ya Freeserve yosalipiritsa pamwezi itabwera mu 1998 ndiye anthu anangosamukiratu. Lamya ya bambo aja inangoti zii, mapeto ake anazimitsa kompyuta. Mauthenga onse anawasunga m'madisiki. Patapita zaka anatsegula gulu pa Facebook, anatisonkhanitsanso, mauthenga akale aja n'kuwaika m'mafailo a gulu. Tinali anthu osakwana 100. Posakhalitsa tinali masauzande, ambiri osadziwana n'komwe. Bambo aja atayamba kudwala anandipatsa uadimini, iwo n'kutuluka kuti apume. Sanachire.

Ndiye kunabwera munthu uyu. Waulemu wake! Tsiku ndi tsiku kuika zithunzi za makompyuta akale, kundilozera otsatsa malonda abodza kuti ndiwachotse, kunditchula bwana, kundifunsa za thanzi langa. Miyezi isanu ndi itatu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mawu ake sindinawamvepo, nkhope yake sindinaione, pachithunzi chake panali kompyuta. Ine ndinali nditabwerera kuno ku Lilongwe, ntchito yochuluka, magetsi akuvuta, gulu likusokosa usiku ine ndili mtulo. Lamlungu lina nditachoka kutchalitchi ndinamupatsa uadimini.

Lachitatu ndinadzuka cha m'ma 5 koloko, magetsi atathima. Ndatenga foni, gulu silikuoneka. Ndimati ndi netiweki. Ndinatuluka panja, ndaima pakhonde, palibe. Ndinagula bandulo ina poganiza kuti yatha. Palibe. Kenako walowa uthenga wa mayi wina wa ku Leeds, mmodzi wa oyambirira aja, akundifunsa chifukwa chake ndawachotsa. Ine? Manja anayamba kunjenjemera. Ndinabwereka foni ya mwana wanga n'kufufuza. Dzina la gulu lasintha, chithunzi chasintha, pali zotsatsa za ndalama za pa intaneti zokhazokha, zoti ikani pang'ono mukolole zambiri. Akale tonse atatichotsa usiku umodzi. Mafailo onse atafufutidwa.

M'mafailo amenewo munali zimene anthu aja anandilembera mayi anga atamwalira ine ndili kusukulu, ndilibe ya ndege yoti ndikaike maliro. Ndinalemba mizere itatu yokha usiku umenewo. Kutacha ndinapeza mayankho oposa 20, azungu oti Malawi sanamuonepo, ndipo Loweruka anasonkha ndalama mu envelopu kuti ndiyimbe foni kumudzi ndiyankhule ndi atate mosayang'ana wotchi. Uthenga wa bambo aja ndinkauwerenga chaka chilichonse pa tsiku la imfa ya mayi. Ndinakhala pansi pakhondepo n'kulira, munthu wamkulu, mkazi wanga n'kutuluka akuganiza kuti kwagwa maliro ena.

Ndinamulembera munthu ndinamupatsa uadimini uja. Anawerenga, osayankha, kenako anandibuloka. Munthu wopanda chisoni, wakuba wa masana. Kwa iye chinali chiwerengero cha anthu chabe, choti agulitse. Miyezi yonse ija ya "bwana, bwana" ankangowerenga masiku. Mpaka lero ndikaganiza kuti ndinkamuuza za matenda a bambo aja iye n'kumandipepesa, mutu umanditentha. Ndipo dziwani mmene zimayendera: amene anatsegula gulu, adimini mnzake sangamuchotse, koma mwini wakeyo akangotuluka, otsala aja aliyense atha kuchotsa mnzake. Ine izi ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi. Ngati gululo munatsegula ndinu, musatuluke ngakhale mutakwiya bwanji.

Komanso musakhale nokha, achimwene. Ine chinandigwetsa ndi kutopa, zaka ziwiri ndekhandekha. Pezani awiri kapena atatu. Pa Facebook pali udindo wa moderator, amachotsa zonyansa koma sangakhudze adimini, yambani ndi umenewo. Muyimbireni pa vidiyo, mudziwe kwawo, adziwike ndi wina amene inu mumamudziwa. Mwinanso mnyamata wanuyo ndi wabwinobwino, musamunyoze chifukwa cha nkhani yanga, pajatu ine bambo aja anandikhulupirira ndi foni imodzi yokha, mlendo wochokera dziko loti sankalidziwa. Ndiponso kale lija sikuti zonse zinali zokoma, sysop anali mfumu payekha, akakuda amakutsekera popanda kokadandaula, ndipo atsikana ochepa amene ankalowa ankavutitsidwa mpaka ena anasiya. Koma mwina mupatseni ndithu, bola mwamva mawu ake kaye.

Zofunika zonse zikopereni pena, lero lomwe, osati mawa. Ine ndatsala ndi kadisiki kamodzi kakale ka mainchesi 3.5 kamene bambo aja anandipatsa pobwerera kuno, palembedwa 1994 ndi dzanja lawo, ndipo ndilibe poti ndikawerengere. Ngati alipo muno ku Lilongwe kapena ku Blantyre ali ndi kompyuta yakale yolowa madisiki amenewa, chonde andipeze ku inbox, ndibwera ndekha.