Kamuzu Highway kapena Masauko Chipembere Highway?

Mwandilembera kuchokera ku Johannesburg kuti bambo anu, omwe anachoka kumudzi kuno kale, amanena za Kamuzu Highway, koma pamapu a pafoni mukuona Masauko Chipembere Highway. Mukufunsa ngati ndi misewu iwiri. Ayi achimwene, msewu ndi umodzi, womwe uja wochoka m'tauni ya Blantyre kupita ku Limbe. Bambo sanalakwitse. Dzina linasintha Dr Banda atachoka pampando mu 1994.

Henry Masauko Chipembere anali mmodzi wa achinyamata omwe anaitana Kamuzu kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Ufulu utabwera anali nduna ya maphunziro, koma mu 1964 momwemo nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Mu February 1965 anatsogolera anthu ake kukalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi. Bomalo analilandadi, koma ulendo wopita ku Zomba unakanika, anathawira kunja, ndipo anamwalira ku America mu 1975 osaonanso kwawo. Kwa zaka zambiri dzina lake silinkatchulidwa poyera. N'chifukwa chake ine ndikamva anthu akungoti "haiwe" mtima umandipweteka pang'ono.

Mukadzabwera, musakwere takisi. Kwerani minibasi, mumve kondakitala akukuwa "Limbe! Limbe!" uku akumenya chitseko. Muyambira pa Clock Tower, kenako Ginnery Corner, dzina lochokera ku fakitale yotonola thonje ya nthawi ya atsamunda. Apo pali chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe tonse timangoti ku Kwinzi. Masana mudzaona amayi atanyamula madengu a nsima, makontena okulunga m'chitenje, akupita kukaona odwala. Pafupi pomwepo pali sukulu yomwe bambo amaidziwa kuti Poly, pano ndi MUBAS.

Koma mtima wa msewuwu uli ku Chichiri. Mudzadutsa pansi pa chipilala cha ufulu, Independence Arch. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, bwalo lalikulu la milandu, ndi bwalo la mpira pomwe mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964. Tsiku la Bullets ndi Wanderers msewu wonse umadzaza ndi malaya ofiira ndi a buluu a ochemerera.

Bwalolo linatchedwapo Chichiri Stadium, koma lero ndi Kamuzu Stadium. Ndiye mukawauza bambo, muwauze kuti dzina lomwe amalidziwa silinathe. Popita kubwalo la Kamuzu, timadzera mumsewu wa Chipembere.